Dzanja Langa ndi Ampulifaya ya Mpingo

Lolemba, 9 Juni

Ampulifaya ya kutchalitchi ili pano patebulo, matumbo onse pamtunda. Lamlungu kukubwera kwaya ya ku Msundwe, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinalonjeza akulu a mpingo kuti pofika Loweruka ikhala ikulira. Vuto ndalipeza kale: timawaya tiwiri tathothoka pabolodi la m'kati mwake. Ntchito yoti kale ndinkaigwira uku ndikumvera mpira pawailesi. Lero ndayesa, ndayesanso, mtovu ukungodonthera pambali. Chowotcherera changachi chakalamba, nsonga yabuntha ngati chala chamanthu. Ndigula china basi.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapita pa Namitete kwa a Hamisi, mnzanga wa sitolo ya zamagetsi. Ali ndi zowotcherera za mitundu itatu. Chachikulu cha mawati 60, chogwirira chamtengo, chimatentha msanga koma ukachedwetsa chimasupula timizere ta pabolodi. Cha mawati 30 n'chopepuka, nsonga ngati ya pensulo, koma chikuoneka chachibwana. Chachitatu n'cholumikiza ku batire ya sola, chothandiza magetsi akathima.

Ndinazitembenuza, kuziika pansi, kuzitolanso, mpaka ogula ena anayamba kundilambalala. A Hamisi akuti ndikusankha ngati munthu wofuna mbeta. Andibwereka cha 60 kuti ndikayese kaye.

Lachitatu, 11 Juni

Cha 60 chandiotcha chala, chasungunulanso pulasitiki wa waya wina wosalakwa. Chikulemera kwambiri. Komanso Juni ameneyu, kuzizira kwake manja sagwira bwino.

Amake Prisca anabwera ndi tiyi, n'kuima kumbuyo kwanga akuyang'ana ntchito yanga. Ndinawakalipira kuti akunditchingira kuwala. Chonsecho zenera lili kutsogolo kwanga. Anangoika kapu n'kutuluka. Zandinyansa ndekha.

Lachinayi, 12 Juni

Ndabweza cha 60 kuti nditenge cha sola. Ndikulandira, a Hamisi sanachisiye msanga. Maso awo anali padzanja langa.

"Aphunzitsi, kodi dzanjali layamba liti kunjenjemera?"

Ndinati n'chisanu. Iwo anangosuzumira panja, dzuwa lili paliwombo, anyamata a kabaza atavula majekete. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndabwera kudzagula katundu, osati kudzapimidwa, ndipo ndinatuluka osatsanzika. Munthu woti takhala tikucheza chiyambire ndili pantchito.

Cha sola nachonso ayi. Kaya chimachedwa kutentha, kaya n'chiyani. Ndapita kudimba, ndabwerako, ndasesa pakhonde posesedwa kale, ndakhalanso patebulo. Sizikutheka.

Lachisanu, 13 Juni

A Davie, mlembi wa mpingo, aimba foni kufunsa za ampu. Ndati zikuyenda.

Sizikuyenda. Ndaika dzanja pabondo n'kuliyang'ana, likungogwedezeka lokha. Bambo anga anayamba chonchi, kenako ankalephera ngakhale kumanga mabatani a malaya. Ndikuopa. Kusiya choko sikunandipweteke chifukwa ndinali ndi mawailesi anga. Nanga izi zikandichokera ndizitani tsiku lonse?

Loweruka, 14 Juni

Mmawa amake Prisca anandipeza nditangokhala, ndikuyang'ana bolodi lija. Anakoka mpando.

"Bambo a Prisca, dzanjalo ndakhala ndikuliona chiyambire nthawi yokolola. Lolemba tipita kuchipatala. Koma lero mundionetse pamene pakufunika kuwotchererapo."

Ndinati izi si zosoka zigamba. Anati chabwino, ndiye ndiimbire a Davie ndiwauze zoona. Foni sindinaigwire n'komwe.

Tinapita limodzi kwa a Hamisi. Ndinapepesa za Lachinayi, iwo anati zatha. Nditabweza cha sola chija, anayala zonse zitatu pakauntala. Amake Prisca anagwira chilichonse kamodzikamodzi, n'kunena kuti chachikulu chikukoka mkono ndipo cha sola chingwe chake n'chachifupi. Anatenga cha 30 chija ndinkachinyoza, anachigwira ngati cholembera, basi nkhani yatha. Sabata yonse ine ndikuzungulira! A Hamisi sanaseke, anangowonjezera mtovu pang'ono wa basera.

Kunyumba ndinawauza zonse: tenthetsani kaye kawaya ndi pabolodi, kenako mugunditse mtovu, ukayenda muchotse, musauzire. Koyamba panatuluka chibuluma. Ndinakweza mawu. Anati ndikakalipanso asiya, ndikaimbe ndekha ndi kwaya ya ku Msundwe. Ndinangowapatsira mtovu wina. Kachiwiri mtovu unayenda bwinobwino, n'kuuma wonyezimira. Kawaya kenako anachita osandifunsa n'komwe.

Ndinalumikiza sipika, n'kuwapatsa maikolofoni. Anachita manyazi, kenako anayamba nyimbo ya chigwirizano cha amayi chapansipansi. Mawu anadzaza nyumba yonse, nkhuku pakhonde zinabalalika. Ndinasangalala, komanso zinandiwawa mumtima. Zonse pamodzi.

Ndaimbira a Davie kuti abwere adzatenge. Afunsa ngati inandivuta. Ndati afunse amene akonza, ndipo ndapereka foni kwa mayi.

Panopa amake Prisca atulutsa wailesi yakukhitchini ija inafa chaka chatha, akuimasula okha. Akhala pampando wanga, pafupi ndi zenera. Ine ndili pakampando kapambali, ndagwira timasikuluwu m'dzanja lamanzere kuti tisatayike.