Chipale cha Kuseri kwa Bwalo ndi Nthano za Bambo Pitchenese

KOMITI YOSUNGA MBIRI NDI NTHANO, MUDZI WA OTTER PORTAGE, ONTARIO

Tsiku: Lachiwiri, 7 Meyi 2019
Malo: Chipinda chaching'ono cha holo ya mudzi

Opezeka: Bambo Delbert Copenace (Wapampando), Mayi Verna Skead (Msungichuma), Bambo Orville Mandamin (membala), Mayi Philomene Kejick (Mlembi)
Opepesa: Mayi Rosalind Loon, apita kutauni kukapimitsa maso
Alendo: Bambo Ambrose Pitchenese ndi mwana wawo Doreen, anafika mkati mwa mfundo 4

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2:10 masana. Mayi Skead anapemphera m'Chiojibwe, chinenero cha makolo athu. Panali tiyi ndi mikate yokazinga isanu ndi inayi.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa. Wapampando anapempha kuti mawu onena za tsiku lojambula nthano akuti "komiti inaimitsanso tsikulo" asinthidwe akhale "nyengo sinalole". Mlembi anayankha kuti tsiku limenelo kunja kunacha bwino. Mawuwo anasiyidwa momwe analili.

3. Nthano za m'nyengo yozizira

Mlembi anakumbutsa mamembala kuti mu Novembala komiti inapereka fodya kwa Bambo Pitchenese, a zaka 84, monga mwa mwambo wathu, powapempha kuti adzanene nthano za m'nyengo yozizira pamaso pa ana asukulu, mawu awo akujambulidwa. Iwo analandira fodyayo. Anati amadziwa nthano 31 zimene anamva kwa amalume awo kumsasa wotchera misampha. M'mudzi muno mulibenso wina amene angafikitse kumapeto nthano zoposa zinayi. Monga mamembala onse akudziwa, nthanozi zimanenedwa pokhapokha chipale chofewa chili pansi.

Tsikulo linaimitsidwa katatu. Mu Januwale makina atsopano ojambulira mawu anali asanafike. Mu Febuluwale holo inaperekedwa kwa a bingo, masewera a makadi a manambala. Mu Malichi kunali mpikisano wa hoke, masewera a ndodo a pa madzi oundana. Chipale chinatha kusungunuka mu Epulo. Nthano zojambulidwa: palibe.

Mayi Skead anauza komiti kuti Bambo Pitchenese awapeza ndi nthenda ya m'mapapo. Kuchipatala awabweza kunyumba ndi botolo la mpweya, ndipo madokotala sakulonjeza kuti adzaona chipale china.

Wapampando anati ino si nthawi yolozana zala. Mayi Skead anati iwo sakuloza munthu, akungokumbukira kuti amene ankatchinga pagolo mu Malichi ndi mdzukulu wa yani. Bambo Mandamin anati makina akale a kaseti akanatha kugwira ntchito mu Januwale, koma panali wina amene ankafuna mawu omveka ngati a pawailesi. Wapampando anapempha kuti msonkhano upite patsogolo.

4. Zimene zingachitike

Bambo Mandamin, amene amasamala bwalo la hoke, anati kuseri kwa bwaloli kudakali mulu wa chipale chimene makina opala madzi oundana amataya. Anati ungadzaze galimoto yawo katatu. Atauthira pansi pa zenera la Bambo Pitchenese, omwe ndi amalume awo, chipale chikhala chili pansi, ndipo mwambo ukhala utatsatidwa. Wapampando anati ganizoli ndi lofunika kulilingalira. Mlembi anafunsa ngati Bambo Pitchenese auzidwe kumene chipalecho chachokera. Kenaka Bambo Mandamin anaulula kuti ulendo umodzi anakathira kale m'mawa, mongoyesa.

Pa nthawi imeneyi Bambo Pitchenese analowa pa mpando wa matayala, Doreen akuwakankha. Anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe awanenera.

"Ndani wandithirira zinyalala pazenera? Muli chingamu, muli tepi yakuda ya ndodo za hoke. Doreen wapezamo dzino."

Bambo Mandamin anati ndi iwowo, ndipo amafuna kuthandiza.

"Mphwanga, ndine amene ndinakuphunzitsa kumanga nsapato. Lero mwana ndakhala ine? Ukanathandiza mu Febuluwale. Ndinavala malaya anga abwino, ndinafika pakhomo apa, ndinapeza anthu akufuula manambala. Ndinakhala pansi, ndinasewera makadi awiri, ndinabwerera."

Mlembi atayang'ana zolembedwa za Febuluwale anatsimikiza kuti palibe amene anatumidwa kukawauza kuti tsiku laimitsidwa. Komiti inamva zimenezi koyamba lero.

Atapumira kanthawi, Bambo Pitchenese anati nkhani si kuyera kwa pansi. Amene amatchulidwa m'nthanozo amagona nthaka ikauma ndi chisanu, ndipo nthawi imeneyo munthu angawanene osawaputa. Tsopano adzuka. Anafunsa ngati mamembala sakuwamva achule kudambo, ndiponso ngati Bambo Mandamin akuganiza zokawanamiza iwonso ndi galimoto. Mayina a otchulidwawo sanatchulidwe mumsonkhano ndipo sakulembedwa muno.

Mayi Skead anafunsa mwaulemu ngati sizingatheke kujambula panopa, zitseko ndi mazenera zitatsekedwa, kenaka makinawo n'kuwakhomera m'kabati mpaka chipale chitagwa.

"Chemwali, kunena ndi kunena. Makina mukhoza kuwakhomera, koma mawuwo akhala atatuluka kale pakamwa panga. Amalume sananenepo m'chilimwe ngakhale kamodzi, ngakhale titawapempha tikulira. Ndikakumana nawo ndikawauze kuti chiyani?"

Wapampando anaimirira n'kupepesa m'dzina la komiti. Anayamba ndi mbiri ya komitiyi kuchokera pamene inakhazikitsidwa. Atafika chaka chachitatu, Bambo Pitchenese anawauza kuti akhale pansi, chipepesocho chamveka, ndipo mpweya wa m'botolo ndi wowerengeka.

Kenaka anatulutsa m'thumba kansalu kofiira komangamo fodya wa komiti n'kukaika patebulo. Anati sayenera kupita atagwira fodya wa chinthu chimene sanachite. Palibe membala amene anakatola. Mlembi anafotokoza kuti malamulo a komiti ali ndi ndime khumi ndi ziwiri, ndipo palibe imene imalola kulandira fodya wobwezedwa.

"Msuweni, iwe ndi malamulo ako. N'chifukwa chake sindinakukwatire."

Mlembi anayankha kuti sanafunsiridwepo, ndipo akanakana. Doreen anatola kansaluko n'kukabwezera m'thumba la bambo ake. Iwo sanakatulutsenso.

Mayi Skead anafunsa ngati pali chilichonse chimene chingalankhulidwe nyengo ino. Bambo Pitchenese anati zilipo zambiri: za moyo wawo zilibe nyengo. Anatchula zoyandamitsa mitengo pamtsinje, za tsiku limene anawatenga kupita kusukulu yogonera konko ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndi za chaka chimene damu linamiza mpunga womera wokha m'nyanja. Anati komiti sinawafunsepo zimenezi. Mlembi anatsimikiza kuti n'zoona.

5. Zogwirizana

Mamembala onse anayi anagwirizana izi:

(a) Nkhani za moyo wa Bambo Pitchenese ziyambe kujambulidwa mawa m'mawa kunyumba kwawo, ndi makina alionse amene alipo. Ana asukulu azibwera ochepaochepa kuti asawatopetse. Mayi Skead akonze ndi aphunzitsi.

(b) Bambo Mandamin akachotse muluwo lero lomwe, asanadye.

(c) Nthano 31 zidikire chipale chenicheni. Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti komiti ikudziwa kuti mwina sizidzamveka, ndipo wolakwa si nyengo.

6. Zina ndi zina

Lipoti la Msungichuma silinawerengedwe. Mayi Skead anati alibe mphamvu zoliwerengera lero. Mikate isanu ndi iwiri inatsala, ndipo inapatsidwa kwa Doreen.

7. Msonkhano wotsatira

Tsiku silinaikidwe. Komiti idzakumana kunyumba kwa Bambo Pitchenese tsiku loyamba limene chipale chidzagone pansi osasungunuka, kaya ndi Lamulungu, kaya kuli bingo, kaya mamembala akwana kapena ayi. Woyamba kuchiona aimbire foni enawo. Bambo Mandamin anati adzayamba kuyang'ana kumwamba mu Seputembala.

Doreen akutembenuza mpando kuti azipita, Bambo Pitchenese anamuimitsa n'kulankhula ndi Mlembi.

"Philomene, tsikulo ndidzayesetsa. Koma ukadzaona kuti ine palibepo, undilembe pa opepesa. Usandilembe pa ojomba."

Mlembi anavomera.

8. Kutseka

Wapampando anapempha Mayi Skead kuti atseke ndi pemphero. Mayi Skead analephera kumaliza, ndipo Bambo Mandamin anamalizitsa. Msonkhano unatha nthawi ya 3:35 masana.

Delbert Copenace
Wapampando

Philomene Kejick
Mlembi