Munthu Woipa wa M'sewero Langa

Loweruka, ku Mpanshya. Tsiku lokoma.

Dziko lonse limve: lero munthu amene ndinam'peka ndekha watukwanidwa ndi holo yonse! Azimayi anam'kuwiza mpaka wosewera wake anathawira kuseri.

Kale anthu oipa a m'masewero anga ankangokalipa, oonerera n'kumayasamula. Uyu ndam'patsa ulemu. Amapempherera chakudya mpaka chizizire, amapukuta njinga yake ndi kansalu koyera, kenako n'kum'kaniza mkazi wake njingayo popita kuchipatala. Woipa azidziona wolungama, basi. Izi ku yunivesite sanandiphunzitse.

Koma zonsezi ndinazitenga kwa alamu anga, ndipo ba sisi, akazi awo, anali pa benchi yachiwiri. Sanaseke. Potuluka anangoti, "Ba wolemba, inu akuomberani m'manja. Ine ndikubwerera kunyumba komweko."

Polemba sindinaganizeko zimenezo. Ndinati ndiwaperekeze, koma anakana, ndipo ine ndinatsala pakhomo pa holo, iwo akupita okha.