Khutu la Esinati

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno amayi akudzuka ndithu, koma mlongo wanu Esinati zinthu sizili bwino.

Atadwala chimfine chachikulu, khutu lake lamanzere linayamba kulira, kenako linatsekeka. Anapempha amuna ake, a Fulaye, kuti apite naye kuchipatala ku Thambani. Iwo anangoti, "Ndi litsiro limenelo," n'kumuthira mafuta ophikira m'khutumo. Njinga anapita nayo kukagulitsa makala.

Nditapita naye ndekha kuboma, adokotala anati mkati mwenimweni mwa khutu munatupa, ndipo kutupako kunawononga mtsempha womvera. Akuti mapiritsi ochepetsa kutupa amathandiza munthu akafika msanga. Anamupatsabe, koma khutulo silinatseguke. Mutifunsireko kumeneko za kachipangizo kothandiza kumva.

Tsopano a Fulaye akumamutcha gonthi pamaso pa ana. Ine sindidzawakhululukira. Ndakhala chete dala kuti amalize kaye kupalira munda wathu wonse. Mwini mbumba ndinu. Bwerani chimanga chisanakhwime mudzawachotse pamudzi pano, apite chimanjamanja, asalaweko ngakhale njere imodzi.

Mulungu akusungeni mpaka mudzafike.

Ndine mlongo wanu,
Lute