Nsanje ya ku Mulhuddart

Lolemba, 2 December

Ntchito yatsopano ku Mulhuddart, kuno ku Dublin. Ine Fredson, caretaker wa bloko yonse, mafulati forty-two. Makiyi m'chiuno ngati mkulu wa ndende. Kumudzi ndawauza kuti ndine injiniya. Bodza lili pati, si ndimagwira makina?

Injiniya weniweni anabwera kudzandionetsa kubesimenti. Mayi Nalishebo, a ku Zambia, Chinyanja chija cha manjemanje. Akuti nyumbayi yakhala pa mizati ya konkire yolowa pansi mamita twenty, m'kati mwake muli mapaipi oyenda madzi. Kukazizira makina amatunga kutentha m'nthaka, kukatentha amakubwezera komweko. Mzati ukatenthedwa umatalika, ukazizidwa umafupika, pang'ono ngati chikhadabo. Ndinati ndiye ngati ine, pa Chileka ndinanyamuka ndili chimphona, Dublin yandifupikitsa. Sanaseke. Anangoloza nambala ya kutentha kwa nthaka pa sikirini: isatsike kudutsa two. Ikayandikira, makina amadzichepetsa okha, ndisawakhudze. Ananena zinanso zambiri. Ine mtima unali pa lanchi.

Lolemba, 6 January

Chisanu chopha galu. Makina adzichepetsadi, mafulati ngati mufiriji. Clementina wa number nine, uja amasamalira okalamba ku Swords, wandipeza pa masitepe atavala majekete awiri. "Achimwene, uinjiniya wanu uja ndi wa tsache eti?" Pamaso pa anthu.

Ndamulonjeza kuti pofika Lachitatu akhala akufuna fani. Ndatsika, ndachotsa pa auto, ndaika pa manual, mpaka kumapeto. Alamu inayamba kulira. Batani lake ndalimata selotepi. Zii.

Lachinayi, 9 January

Nsanje ndi kutentha kwake komwe ndaibweretsa ku Ireland ndi dzanja limodzi. Ana m'makolido osavala malaya. Gogo wachizungu wa number four wandipatsa mabisiketi, akuti ndine grand, kuyamikira kwa kuno kumeneko. Clementina wamwetulira, mano onse panja.

Nambala ili pa zero. Zero si kanthu, dzina lake lomwe likunena.

Lachiwiri, 21 January

Minus three. Mapaipi amera zoyera ngati ndevu za mkulu wa mpingo. Chitseko cha kuchipinda cha ma bin chikukhula pansi, ndachipala pang'ono. Pakhoma la besimenti pali mng'alu, woonda ngati ulusi. Mwina unalipo kale. Ndalemba ndi pensulo pomwe wathera.

Lachisanu, 31 January

Mng'alu uja wadutsa pensulo. Ndalembanso. Leap card yanga yokwerera basi ikulowamo theka.

Clementina akuti windo lake silikutseguka, ndipo masana anamva thwa pansi pa kapeti, ngati munthu akuthyola nkhuni. Ndamuuza kuti nyumba ikudziwongola, yakhuta kutentha kwa Fredson. Waseka. Potsika ndinawerenga makoma. Number nine ili pamwamba penipeni pa mng'alu.

Meseji ya Mayi Nalishebo: abwera Lachinayi kudzayendera makina.

Lolemba, 3 February

Holide. Mutu uwu akanauika kusukulu bwenzi ndili nduna. Selotepi ndamatula. Makina ndawatembenuza ngati ndi July, mwezi wotentha kuno, apope kutentha kubwerera pansi. Nthaka ifunde, nambala ikwere, Lachinayi Mayi adzapeze zonse zili phee. Anthu akudandaula kuzizira, ndawauza kuti ndi service. Masiku atatu okha.

Chakudya sichikulowa. Mwina ndi mabisiketi aja.

Lachitatu, 5 February

Plus six. Nambala yokongola ngati mkwatibwi.

Koma m'munsi mwa khoma mukutuluka madzi a matope. Chitseko cha ma bin tsopano chikukhula mbali inayo. Ndili mkati mokolopa, mawu aja a Mayi Nalishebo a tsiku loyamba, amene ndinkamvera ndi khutu limodzi, anabwera okha: "Dothi ikagwira ice inyamula mzati. Manje choipa maningi ni pamene yasungunuka. Isanduka phala, itaya mzati."

Mopu inagwa yokha.

Ndawaimbira. Ndanena zonse, ndi selotepi yomwe, ndi July wanga yemwe. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angofunsa kuti mbali imeneyo mukukhala anthu angati, ndiwatulutse mwaulemu, ndisakhudzenso batani lililonse. Akubwera pompano, osati mawa. Ntchito yatha, izo nzodziwika. Makiyi akulemera m'chiuno.

Gogo wa number four ndamutulutsa, ali pabenchi panja ndi bulangete. Enanso atuluka.

Number nine ndagogoda. Clementina ali m'kati, akukoka, chitseko chikukana. Ndakankha ndi phewa, osasuntha. A fire brigade akuti ali m'njira. Ndakhala pansi pakhomo pakepa, ndikulemba izi.

Ndamuuza kuti asaope, injiniya akubwera.

Kenako wafunsa kuti, si inu nomwe kodi?