Kumene ndinabisa ndodo ya abambo

Beira, 3 de Junho

Achimwene a Nelson,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Ntengo-Wambalame ndi chisanu chayambachi? Nanga abambo adzuka bwanji, akudyako? Kuno tilipo. Mwana wanga Telma anali ndi chifuwa koma chapepuka, ndipo pampopi pathu madzi sanatuluke masiku anayi.

Musadabwe kuti ndatumiza kalata pa chapa, minibasi ija, m'malo moimba foni. Ndikaimba abambo amakhala pambali panu, ndipo zimene ndikufuna kunenazi ndikuchita nazo manyazi.

Dzulo ndinali kuchipatala kukatsimikiza tsiku loti abambo abwerenso. Ndi dia 24 mwezi uno. Paja mwezi watha anawabweza osawapatsa mankhwala a khansa a m'diripi aja chifukwa magazi anachepa. Adotolo anena kuti akadzawayeza n'kupezanso chomwecho, adzawabwezanso, pomwe chotupa chija sichikudikira. Achimwene, ndili ndi mantha. Chichokereni kuchipatalako chakudya sichikundilowa.

Adotolowo anandifunsa kuti abambo amatani tsiku lonse kumudzi. Ine ndi matama anga ndinayankha kuti kwathu odwala timawasamala: amagona pamphasa, madzi osamba amawapeza pomwepo, ngakhale pakhomo satuluka. Adotolowo, omwe ndi mayi, anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Anati magazi amawatsitsa ndi matendawo pamodzi ndi mankhwala, koma kugona tsiku lonse kukuwonjezera moto. Akuti okalamba amene amayendako pang'ono tsiku lililonse amadya bwino, mphamvu zimakhalapo, ndipo ambiri magazi awo sagwa msanga. Sanalonjeze kuti kuyenda kokha kuwachiza, mapiritsi a magazi aja azimwabe. Koma ayende.

Ndiye apa ndi pamene pali mlandu wanga.

Ndodo ya abambo sinabedwe. Ndinabisa ndine, mu Abril muja nditawaperekeza kumudzi. Ndinawaona m'mawa akudzikoka kupita kukhola kukawerenga ng'ombe zawo, miyendo ikunjenjemera, ndipo mtima unandipweteka. Ndinadziwa kuti kuwaletsa ndi pakamwa n'kutaya nthawi, inunso mukuwadziwa. Popeza popanda ndodo safika patali, ndinaitenga n'kuisomeka m'udzu wa denga la nkhokwe, mbali yoyang'ana kudimba. Ndinkati ndikuwathandiza, kalanga ine!

Choipitsitsa n'chakuti munandiuza pafoni kuti abambo akuloza chala amalume a Saulosi, ati anaitenga tsiku lija anabwera kudzawazonda kuti akawachitire zoipa. Ndinamva, ndinangoti zii. Miyezi iwiri anthu akuluakulu osapatsana moni chifukwa cha ine. Amalumewo ndidzawagwadira ndekha ndikabwera.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi mukangowerenga, katsitseni ndodoyo muwapatse. M'mawa dzuwa likatentha pang'ono, muziwatenga mpaka kukhola ndi kubwerera, avale nsapato ndi jekete. Akazolowera, muzifika nawo kudimba la kachewere. Osathamanga ayi, liwiro loti angathe kuyenda uku akukalipira abusa a ng'ombe. Akachita chizungulire kapena kubanika, akhale pansi mubwerere. Thupi likatentha, musadikire kuti kuche kawiri, pitani nawo ku posto, chipatala chaching'ono chija, tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti anthu ayankhula. Azimayi a kumpingo akabwera kudzazonda adzati ife ana a Custódio tilibe chisoni, tikuyendetsa munthu wodwala ngati ng'ombe ya pangolo. Akazi anu, alamu anga a Adelina, nawonso adzawawidwa mtima, poti awasamala ndi manja awiri. Muwawerengere kalatayi, amve kuti wolakwa si iwo. Zonena za anthu tidzazipirira, achimwene. Tatsala ndi masabata atatu basi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, kwa azakhali a Terezinha, ndi kwa amalume a Saulosi ngati angaulandire.

Abambo akafunsa kumene ndodo yachokera, musawanamize kuti yapezeka kuthengo. Muwauze kuti ndine. Akakwiya, akwiye ali chiimire. Ngati akufuna kudzandikwapula nayo pa dia 24, ndidzawadikira pageti la chipatala ndipo sindidzathawa, bola adzalowe pagetipo akuyenda okha.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Hortência