Chiwaya cha Bambo

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi alamu anga. Nanga msana uja wasiya kukuzunza? Ine kuno thupi lilibe vuto, kupatula mawondowa amene sagwirizana ndi masitepe a nyumba ya mwana wangayu. Koma mtima ndiye wawira. Ndakwiya, ndipo ndikufuna ukwiye nane.

Ukumukumbukira mdzukulu wanga wamkazi uja timamutcha Loya chifukwa cha pakamwa pake. Kusukulu kwawo akonza chipinda chosungiramo zinthu zakale, eniake akuti miyuziyamu, choti ana aziphunziriramo mbiri ya dziko ndi ya nkhondo. Anauza ana kuti akafunse kwawo ngati kuli kanthu ka makolo. Ine ndi mtima wanga wabwinowu ndinatulutsa jasi ya bambo ija ya usilikali. Ndinati bola ana aione, kusiyana n'kunenepetsa njenjete m'sutikesi.

Amene anabwera kudzaitenga ndi mphunzitsi wa mbiri mwiniwake, kamnyamata ka tayi, ndevu zake zochita kuwerenga. Anandifunsa kuti kodi agogo, bambo anu kunkhondoko anali mbali iti. Ndinamuyankha monga bambo ankayankhira aliyense, kuti anali wa chiwaya. Mnyamata anatong'ola maso, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ine mumtima ndinati, ha, kani ana a lero aphunzira kulemekeza ophika.

Sabata yatha Loya ananditenga kuti ndikaone. Chipindacho n'chabwino, ndisaname. Muli mapu, mbendera, zipewa zachitsulo, wayilesi yakufa, ndi zithunzi za akuluakulu zondanda pakhoma. Koma pakona, mwana wa mayi anga, ndinapeza bambo athu. Atenga chidole chija amayesera zovala m'sitolo, achiveka jasi ya bambo, ndipo patsogolo pake akhazika chimfuti cha matabwa cha miyendo itatu, lamba wa zipolopolo za makatoni ali lende. Pamwamba alemba zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine ndinawerenga popanda wondithandiza: KATSWIRI WA MFUTI YA CHIWAYA.

Bambo athu, iwe! Munthu amene anathyola legeni ya mlongo wathu, nanena kuti pakhomo pake sipafika chinthu cholozera chamoyo!

Ndinamuitana wa tayiyo. Ndinati mwana wanga, chiwaya ndimanena ine n'chokazingira, cha chogwirira chachitali, bambo anga anali wophikira asilikali. Poyamba anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti ine mano sindikuonetsa, anayamba kundinyengerera. Kenaka akuti agogo musavutike mtima, utoto wauma kale, ahedi aona ndipo akondwa, komanso ana amachita kuthamangira pakona imeneyi chifukwa cha mfutiyo. Akuti cholinga n'choti ana akonde dziko lawo, nanga wophika angautse mtima wa mwana? Ndinamufunsa ngati iyeyo anayesapo kuima pabolodi m'mimba mulibe kanthu. Ndinati asilikali akowo ankadya mbendera kodi? Anangoti tiona agogo, tiona, uku akundilondolera kukhomo ngati nkhuku yolowa m'tchalitchi.

Iwe unali wamng'ono, mwina zina unaiwala. Bambo ankayenda ndi chiwayacho kumsana, mvula ili pamutu, nkhuni zili zonyowa, koma madzulo aliyense ankalandira chotentha. Mikono yawo inali ya zipsera za mafuta mpaka m'zigongono. Asilikali anzawo ankawatcha Amayi. Bambo ankatiuza kuti mnyamata akavulala n'kuyamba kuitana amayi, anzake ankathamangira kukatenga iwowo, kuti amugwire mutu mpaka atasiya kuitana. Ngakhale akaidi a mbali inayo ankawagawira, akuluakulu akayang'ana kumbali. Zimenezi n'zosayenera kuti ana amve? Bola matabwa opaka utoto?

Tsono chimene chandilasa kwenikweni si mphunzitsiyo ayi. Ndi Loya. Kumapeto kwa mwezi uno makolo onse aitanidwa kudzatsegulira chipindacho, ndipo iyeyo ndi amene amusankha kuti akaime pambali pa chidolecho n'kufotokoza mmene agogo a bambo ake ankapululira adani. Mawu analoweza kale, amawayeserera pagalasi. Akuti anyamata amene ankamuseka miyendo tsopano amamuchitira sawatcha. Nditamuuza zoona analira mpaka mamina. Akuti agogo mukakangotsegula pakamwa, ine dzina langa likhala Chiwaya mpaka ndimalize sukulu, mukufuna ndizilowera pati? Ndinamuuza kuti dzina limenelo munthu wamkulu analisenza kumsana osachita nalo manyazi. Kuyambira tsiku limenelo amangondipatsa moni wa pamwamba pa mlomo.

Bambo ake nawonso akuti amayi zisiyeni, wakufa sadandaula, mwana asachite manyazi pagulu. Ndinamufunsa kuti ine ndikadzafa adzandilemba kuti ndinali woyendetsa ndege? Mkazi wake anaseka mpaka kutsamwa tiyi, koma ine sindimaseka. Onse m'nyumba muno akuona ngati ndi matenda a ukalamba. Chabwino, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Chiwaya cha bambo chili kwa iwe, ndipo usandinamize, ndikudziwa kuti umamwetsera abakha kuseri kwa khitchini. Uchitsuke ndi mchenga, koma pamene panabooka ndi chitsulo cha bomba paja usapereke kwa wowotcherera, pakhale momwemo. Uchikulunge m'thumba, upatse kondakitala wa basi yam'mawa uja amatibweretsera katundu, chifike mwezi usanathe. Sindikakuwa pagulu ayi, ngakhale lilime likundiyabwa. Ndikangolowa nacho, n'kuchikhazika pamapazi pa chidolecho, n'kukhala pampando wakutsogolo. Woyankhula akakhala Loya, akuona chiwayacho ndiponso akuona ine.

Ndikudziwa kuti mwina mwanayu sadzandikhululukira msanga, ndipo m'nyumba muno ndi yekhayo amene amakhala nane pansi n'kumacheza. Ndiye sindikufuna kumutchera ngati mbewa. Ndamuuza zonse zimene ndalemba muno, mawu ndi mawu. Ndamuuzanso kuti mawondo angawa sangafike kupositi, ndipo sindituma wina aliyense kukaponya kalatayi koma iyeyo. Panjira pali ngalande, palinso bini ya zinyalala pageti la sukulu, ndipo akabwera sindimufunsa kanthu. Tsono ngati ukuwerenga mawu anowa, udziwe kuti mwanayu waponya ndi dzanja lake. Usachedwe nacho chiwayacho.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze achepetse fodya. Moni kwa mlongo wathu ndi mkazi wake, kwa ana ako onse, ndi kwa adzukulu, ngakhale aja sandidziwa nkhope. Mulungu akusungeni nonse kufikira tidzaonane.

Ndine mkulu wako,
Agogo ake a Loya