Pasipoti ya Mwana Wanu Ndaibisa Ndine

Pa doko la chilumba chachitatu,
Lachiwiri, 14 Meyi.

Okondedwa achemwali,

Usiku wonse wathawu sindinaone tulo, ndipo si mafunde ayi, pakuti boti lili phee pa nangula. Chikundidya mumtima ndi bodza limene ndamunamiza mwana wanu. Kalatayi ndiijambula pa foni kuti ikupezeni lero lomwe.

Matupi tili bwino. Eni boti amene anandilemba ukaputeni akusangalala, ndipo mtsikana wanuyu wada ndi dzuwa koma wanenepa.

Pano pali chizolowezi chakuti madzulo alionse anthu a maboti a matanga amatsikira kumtunda, pa kashedi ka malata pafupi ndi ofesi ya doko. Aliyense amabwera ndi mbale yake, timasinthana mabuku akale ndi nkhani za mphepo. Ine amanditcha Abusa chifukwa ndimapemphera ndisanadye. Mkulu wina wamimba amangoti akandiona, "Abusa afika, bisani mabotolo!"

Loweruka ndinakhala moyandikana ndi mayi wina waimvi, kaputeni wa boti lobiriwira, amene onse amati Mayi a Chipewa. Amuna awo anathyoka mkono ataterereka pokoka thanga, ndiye akusowa wowathandiza pa boti. Mowa sindinalawe, achemwali, Mulungu ndi mboni, koma ndinaledzera ndi pakamwa panga. Ndinaloza mwana wanu n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Anagwira chiwongolero maola anayi mphepo itakwiya, ine ndikusanzira m'ndowa." Anthu anaseka. Mayiwo sanaseke. Anamupatsa chingwe kuti amange mfundo, iye n'kumanga akuyang'ana kumbali.

Pomwepo anamupempha kuti awoloke nawo nyanja yaikulu, masabata atatu osaona mtunda, ndipo kutsidyako adzamulowetsa sukulu ya ukaputeni. Akunyamuka Loweruka likubwerali mphepo ikatembenuka. Mukanaona nkhope yake!

Tsono munthu sasintha boti chisawawa. Kaputeni ayenera kupita ndi pasipoti ku ofesi ya doko, dzina lifufutidwe m'kaundula wake, lilembedwe mwa winayo. Dzulo ndinapitadi, koma ndinangozungulira kuseri kwa ofesiyo, kuima pa mpope wa madzi, n'kubwerera. Mwanayu ndinamuuza kuti a ku ofesi akana, ndipo pasipoti aisunga mpaka tsiku lochoka. Chonsecho ili m'chikwama cha Baibulo langa. Taonani malo amene ndasankha kubisamo tchimo.

Akanalira bwenzi zili bwinoko. Anangoti, "Musadandaule amalume, mwayesetsa," kenaka anatenga malaya anga n'kukachapa.

Ndinkadziuza kuti ndachita izi chifukwa cha lonjezo lija la pa depoti, lakuti ndidzamubweza m'manja mwanu. Komanso mantha alipo: anthuwa ndawadziwa sabata imodzi yokha, ndipo nyanja imeneyo siibweza aliyense. Koma popemphera ndapezamo china chonyansa. Ndi nsanje, achemwali. Zaka makumi awiri ndikuzungulira tizilumba, palibe anandiitanapo kuti ndiwoloke naye.

Tsopano zandithina. Mayi a Chipewa akuti chiyambire sanamvepo lamulo lotere. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Abusa, Lachisanu mkulu wa ofesi akubwera. Tidzapita tonse atatu." Tikakangolowa pakhomopo, mwanayu adzadziwa kuti malume ake ndi munthu wotani.

Ndikudziwa kuti ali ndi zaka 22, ndi wamkulu, ndipo pasipoti ndi yake. Ndimuululira ndekha Lachinayi, zivute zitani. Koma sindingaime pamaso pake wopanda mawu anu. Iye sanakuuzeni za ulendowu chifukwa akuti sangakulizeni pa chinthu chimene chalephereka kale. Mukati apite, ndikasaina. Mukati ayi, mumuuze ndi pakamwa panu, pakuti langa sadzalikhulupiriranso.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma muwawerengere kalatayi atakhala pansi. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. A kwaya muwapemphe andikumbukire m'pemphero, osawauza chifukwa chake. Mwana wanu akuti moni, akuti mwamusowa, ndipo wakugulirani mpango. Pano ndikulemba ali kutsogolo kwa boti, akusoka thanga la anthu amene akuganiza kuti sapita nawo.

Chonde yankhani lisanafike Lachinayi masana. Ngakhale kundikalipira, ndilandira. Kukhala chete kokha ndiko musandichite.

Ndine mlongo wanu wochimwa,
Malume a mwanayo.